Manda a Abambo Pamzere wa Khonje

Pa pulazi ya fodya imene ndinakulira, kuseri kwa tauni ya Concession, tinali ndi mpopi umodzi, sitolo imodzi, ndi folomani mmodzi wotitukwana tonse mofanana, koma manda tinali nawo awiri. Ndikamakumbukira zimenezi, mpaka lero mtima umandituluka. Kunena zoona anali malo amodzi, kachigawo kamiyala kamene mzungu anaona kuti fodya sangamerepo, koma akuluakulu athu, ndi nzeru zawo zonse, anadzala mzere wa khonje pakati. Kumtunda kwa khonje kunkagona a Belu, kumunsi a Ng'oma.

A Belu anali anthu amene makolo awo anachokera ku Malawi. Ankaitanira mapemphero pomenya chitsulo cha pulawo chopachikidwa pamtengo. A Ng'oma anali ochokera ku Tete, ambiri othawa nkhondo, ndipo m'tchalitchi mwawo ankaimba ndi ng'oma. Yesu yemweyo, Baibulo lomwelo, chilankhulo pafupifupi chimodzimodzi. Anthu a m'midzi yozungulira akamatinyoza kuti ndife opanda kwathu, sankafunsa kuti uyu ngwa Belu kapena ngwa Ng'oma. Koma ife tokhatokha, ha! A Belu ankati ng'oma m'nyumba ya Mulungu n'chikunja, a Ng'oma ankati a Belu amaimba ngati odwala malungo. Zinayamba ngati nthabwala, zinafika pokankhana zidebe pampopi, ndipo chaka china denga la udzu la tchalitchi cha kumunsi linapsa popanda wodziwa amene anayatsa.

Tsoka lathu linali lakuti abambo anali a Belu, amayi a Ng'oma. Abambo, munthu wosafuna kukhumudwitsa wina, ankapemphera Lamlungu ili kumtunda, linalo kumunsi, ndipo maliro akagwa mbali iliyonse ankayamba ndiwo kunyamula piki. Iwo ankayesa kuti potero akuyanjanitsa mbali ziwirizo. Ine Rozina ndinayesa makwaya onse awiri ndipo konseko anandibweza, ati mawu anga ndi osasa ngati geti ladzimbiri. Pa nkhani ya mawu anga yokhayo mipingo iwiriyo inkagwirizana.

Achimwene anga a Lameki ankagwira ntchito ku galaja ya mathirakitala. Mwana wa mzungu atabwera kuchokera kusukulu ya kunja, tsitsi litaima ngati nungu, jekete lodzaza mapini, anawasiyira kaseti ina. Nyimbo zake ankati ndi panki. Titaiika koyamba m'wailesi, amayi anathamanga kuchokera kukhitchini poganiza kuti wailesi yapsa. Kunali kukuwa, magitala akulira ngati chigayo chopanda chimanga, ng'oma zikuthamanga ngati zikuthawa galu. Mwana wa mzungu uja anali atawauza achimwene kuti oimbawo ndi anyamata a mumzinda wina wa ku Ayalandi, kumene Akhristu a matchalitchi awiri ankaphana ndi mabomba, ndipo anyamatawo atatopa nazo anasakanikirana m'gulu limodzi n'kumakalipira makolo awo m'nyimbo. Achimwene anaseka mpaka misozi. Anati, "Kodi khonje lilikonso kwa azungu?"

Chingerezi cha m'kasetimo sitinkachimva, koma mkwiyo wake tinkaumva bwinobwino. Achimwene anapanga gitala ndi chigubu cha oilo ndi mawaya a mabuleki a njinga, n'kuilumikiza ku sipika ya wailesi yakufa ndi batire yakale ya thirakitala. Mnzawo Zuze, mnyamata wa Ng'oma, anasonkhanitsa migolo ndi zivundikiro za mapoto. Anangosowa woimba. Tsiku lina atandimva ndikukalipira nkhuku, achimwene anati nyimbo zimenezi sizifuna mawu okoma, zimafuna munthu wolusa, ndipo wolusa panyumba pathu ndinali ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkaimbira kuseri kwa mabani oumitsiramo fodya Lamlungu masana, fungo la fodya wakale lili m'mphuno, agalu a m'komboni akutiyankha. Anthu ankatitcha amisala a kumabani ndipo ife tinkanyadira dzinalo.

Abambo anamwalira mu Okutobala, dzuwa likung'amba nthaka, ndi chifuwa chimene anachitenga mu utsi wa m'mabani. Mwambo wa pa pulazi unali wakuti mpingo wa womwalira ndiwo umalengeza maliro, ndi belu kapena ng'oma, kenako n'kutumiza amuna okumba manda, amayi ophika ndi kwaya. Mpingo ukapanda kulengeza, palibe amene ankagwira khasu, poopa kuchotsedwa nayenso. Achimwene anapita kwa a Gomani, mkulu wa a Belu. A Gomani anati munthu amene ankaomba m'manja kwa a Ng'oma akamuike a Ng'oma omwewo. Anatsikira kwa a Chale, mkulu wa a Ng'oma. A Chale anapepesa mwaulemu ndithu, n'kunena kuti munthu wosabatizidwa kwawo sangagone kumunsi kwa khonje. Folomani naye anati ngolo ya thirakitala yonyamulira bokosi watipatsa mpaka mawa lake basi, kenako aliyense kumunda kukaoka fodya.

Kwina koti tikawaike kunalibe. Mudzi wa ku Malawi abambo ankangoumva dzina kwa agogo. Thupi linagona m'nyumba ya malata mpaka tsiku lachiwiri, kutentha kuja, amayi ali okha pambali pake akuingitsa ntchentche ndi chitenje. Ndikukumbukira fungo limene linayamba kumveka, ndi manyazi a amayi pothira madzi pansi kuti muzizire. Ndipo panja anthu ankadutsa atazolika, anthu omwe aja amene abambo anawakumbira manda a ana awo, a akazi awo, a makolo awo. Akhristu! Anthu oyamba kulira nyimbo zachisoni pamaliro a eni ake! Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera ndi nkhuni.

Dzuwa lili pamutu, achimwene anaika piki, fosholo, batire, sipika ndi gitala m'wilibala. Zuze ananyamula migolo yake. Ine ndinawatsatira osafunsa. Titafika kumanda, achimwene anaima pamzere wa khonje n'kunena kuti, "Kumtunda akana, kumunsi akana. Nanga pakatipa ndi pa yani?" Anayamba kuzula khonje. Minga yake inawang'amba mikono, utomoni wake unkayabwa ngati chitedze, koma anatsegula mpata wokwana munthu kugona. Atayamba kukumba anakumana ndi miyala. Anyamata awiri, nthaka ya Okutobala, dzenje linangofika m'mawondo, m'manja muli matuza okhaokha. Zinali zoonekeratu kuti dzuwa lilowa asanamalize.

Achimwene anataya piki n'kulumikiza mawaya ku batire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Rozina, belu lakana, ng'oma yakana. Lengeza maliro ndiwe."

Gitala inalira, Zuze anagwetsa timitengo take pamigolo, ndipo ine ndinakwera pamulu wa dothi la manda a abambo anga n'kukuwa. Mawu ake ndinkawapeka pomwepo. Mzere umodzi kumunda, manda awiri! Thukuta limodzi, manda awiri! Ndinkalira ndikukuwa, kukhosi kukupsa, fumbi lili m'kamwa. Phokoso kumanda n'choletsedwa, aliyense amadziwa, ndiye komboni yonse inakhamukira kumeneko kudzatiletsa. Anthu amene maliro analephera kuwaitana, mwano unawaitana. A Gomani ndi a Chale anafika limodzi, phewa ndi phewa, koyamba m'moyo wanga kuwaona ataima malo amodzi, onse akuloza chala kuti mwana wamkazi akuchita zonyansa pakati pa akufa.

Pamenepo m'pamene ndinapenga. Ndinayamba kutchula mayina m'nyimbo. Manda a akazi anu, a Gomani, anakumba ndani? Manda a mwana wanu, a Chale, anakumba ndani? Ndinkaloza milu imodziimodzi, kumtunda ndi kumunsi, poti ndinkaidziwa, ndine ndinkawaperekera abambo madzi akamakumba. Zuze ankamenya mgolo pa dzina lililonse. Mwana wa zaka zanga kulankhula chotero kwa akulu, ndikudziwa, n'kusaleredwa. Koma kusiya mnzako aole m'nyumba ndiye kuleredwa?

Bambo wina wa ku Tete, wouma ngati mtengo, amene ndinali nditangotchula mwana wake, anadutsa pakati pa akulu awiri aja osawayang'ana, anatola piki n'kulumphira m'dzenje. Wina wa Belu anatenga fosholo. Kenako anayamba kulandizana. Amayi ena anabwerera kukomboni kukatenga nkhuni ndi ufa, ndipo madzulo ake tinadya sadza, nsima ya maliro, ngati anthu. A Gomani ndi a Chale anachoka, aliyense njira yake, ndipo sanapepese, tsikulo kapena tsiku lina lililonse. Potsitsa bokosi, azimayi a Belu anayamba nyimbo yawo, a Ng'oma anayamba yawo, ziwirizo zinawombana mpaka kusokonekera, koma palibe analeka. Achimwene anakwirira limu yakale, chitsulo cha gudumu la thirakitala, kumutu kwa manda, theka lili kunja, poti mtanda sankadziwa kuti apemphe kwa yani. Lamlungu lotsatira matchalitchi onse awiri analalikira za ana a Satana a kumabani.

Masiku ano pulazi ija inagawidwa, komboni inagwa, anthu anabalalikira ku Norton, ku Ruwa ndi kwina. Matchalitchi onse awiri ndi milu ya dothi yomera udzu. Ana anga amapemphera kumene afuna, ndipo ndikawauza za Belu ndi Ng'oma amaseka, amayesa ndikupeka. Khonje lija, posowa wolidulira, linafalikira manda onse, kumtunda ndi kumunsi, mitanda yamitengo chiswe chinadya. Chooneka chokha ndi limu ya thirakitala ija.

Chaka chatha mwana wa a Gomani anandifunafuna mpaka kundipeza ku Norton, iye imvi zili mbuu. Ankafuna kumanga manda a bambo ake koma sankadziwanso pamene ali. Ndinamuperekeza, ngakhale m'basi monse mtima unali ukunditentha ngati tsiku lija. Tinadula khonje mpaka kufika pa limu, ndipo ndinamuuza kuti ayambire pamenepo kufuna. Anavula chipewa n'kugwada pa manda a abambo anga, akufunsa kuti kumtunda ndi mbali iti.