A Lindsay Prowse ndi Sitima ya Ana

A Lindsay Prowse anayendetsa sitima ya ana m'paki yathu ku Wagga kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo zaka khumi ndi zinayi mwa zimenezo ine ndinali gadi wawo. Ndinkakhala pabogi lomaliza, wezulo m'khosi, kuyang'anira kuti ana asatulutse miyendo kapena kugwira nthambi za bulugamu sitima ikuyenda. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Nkhongo yawo ndinkaidziwa bwino kuposa nkhope.

Anali a ku Junee, mwana wa munthu wa panjanji. Analowa ntchito yokonza mitu ya sitima ali ndi zaka khumi ndi zisanu, nakalambira momwemo, koma sitima yeniyeni sanaiyendetsepo ngakhale tsiku limodzi. Yawo inali yaing'ono ija, yofika m'chiuno mwa munthu, yoyendera malasha ndi madzi. Anaipanga okha m'galaja, chitsulo chimodzichimodzi, kwa zaka khumi ndi zinayi, galimoto ikugona panja pachisanu. Akazi awo, mayi Noeline, ankati anakwatiwa pamitala ndipo mkazi mnzawo ndi sitima yobiriwirayo. Mayiwo atamwalira, a Lindsay anatsala okha m'nyumba, popeza mwana wawo Rhonda anali atakhazikika kale ku Perth.

Tinkayendetsa Lamulungu loyamba ndi lachitatu pamwezi. Iwo ankafika mame asanaume kudzayatsa moto, chifukwa kuti nthunzi ikwane pamafunika ola ndi theka. Makolo akamafika ndi madengu ndi zikuku za makanda, soseji zikununkhira pachiwaya cha kalabu yathu ya sitima, n'kuti iwo atakhala kale pampando, kapu yakuda pamutu.

Sanali munthu wosekerera. Ana sankawanyengerera, ankawayankha ngati akuluakulu.

"Agogo, imeneyi siingathamange kuposa apa?" mwana wina anawafunsa tsiku lina.

"Ingathe," iwo anatero. "Koma iwe ukuthamangira kuti? Tibwerera pomwe pano."

Chikhalirecho ana ankakana kukwera sitima ya batire imene kalabu inagula. Ankalolera kuima pamzere padzuwa kudikira yobiriwirayo.

Chaka chimene a Lindsay anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, ndinayamba kuona zinthu. Pa Isitala anathira tiyi pambali pa kapu. Kenako anayamba kundiitana kutsogolo tisananyamuke, amvekere, "Coral, tandiwerengera geji ya nthunzi iyi, magalasi ndasiya kunyumba," magalasiwo ali pamphuno. Munthu akamawalankhula ankapendeketsa mutu, kumuyang'ana cham'mbali ngati nkhuku. Ndinaziona zonsezi ndipo sindinauze aliyense. Ndinkadziuza kuti njanjiyo amaidziwa pamtima.

Lamulungu lina mu Seputembala, sukulu zitatsekera, anthu anadzaza paki. Tinali ulendo wachisanu ndi chiwiri, anthu makumi awiri m'mabogi. Njanji ikatuluka m'kamphanga imakhota kuzungulira dziwe la abakha, ndipo wokhala kumbuyo amaona kutsogolo kudutsa pamadzipo. Ndinaona kamtsikana ka diresi yachikasu katakwawira pansi pa mpanda kutsatira bakha, n'kukhala pakati pa njanji. Ndinadikira kuti a Lindsay achepetse liwiro. Sanachepetse. Nkhongo ija inali chilili, kuyang'ana kutsogolo komwe kunali mwanayo.

Ndinaliza wezulo katatu ndi mphamvu zanga zonse. Manja awo sanachedwe. Anatseka nthunzi, kumanga mabuleki, mawilo analira, ana anagundana misana. Sitima inaima patatsala dzanja limodzi. Anthu amaiona ngati choseweretsa, koma ikadzaza imalemera kuposa galimoto.

Mayi wa mwanayo, wamtali, wakuda bii, analumpha mpanda atanyamula khanda lina kumanja, n'kumudzutsa mwana wake ndi dzanja linalo. Anatembenukira kwa a Lindsay.

"Zikomo abambo. Mwamuona msanga. Mulungu akudalitseni."

A Lindsay anapempha anthu atsike, anakankhira sitima kushedi, n'kuzimitsa moto. Ndinawapeza atakhala pabenchi, manja akuda ali pamawondo.

"Coral, mwana uja sindinamuone."

"Ndikudziwa."

"Pakati pa maso angawa pali chinthu ngati utsi. Ndimaona m'mbali mokha." Anandiyang'ana cham'mbali. "Wadziwa liti iwe?"

"Pa Isitala."

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Nanga inu bwanji simunanene?"

Panja ana ankakuwa pa katungwe.

Komiti ya kalabu itakumana, onse ankaloza mpanda. Anati mawaya anafutuka ndipo awakonza Loweruka, nkhani ithere pomwepo. A Lindsay anaimirira n'kunena kuti mpanda akonzedi, koma vuto lina ndi iwowo, ndipo sadzayendetsanso. Anaika makiyi a shedi patebulo. Titatuluka anandipatsa makiyi a galimoto yawo kuti ndiwaperekeze kwawo. Dokotala wa maso anangotsimikiza zimene ankadziwa kale, kuti pakati pa diso pakufa ndipo sipangabwerere.

Patapita sabata anandiimbira foni.

"Undipezere mayi uja. Anandithokoza pa chinthu chimene sindinachite."

Sizinavute. Mnzanga wina wa kutchalitchi ankamudziwa. Mayiyo dzina lake Aluel, wochokera ku South Sudan, anakulira mumsasa wa othawa nkhondo ku Kenya, ndipo kuno ankayendetsa kagalimoto konyamulira katundu kufakitale ya nyama. Mwana wa diresi yachikasu uja anali Adut, wa zaka zitatu. Tinapita Lachitatu masana. Anatilandira mosangalala, kutikhazika pabalaza, kuteleka ketulo. A Lindsay anavula kapu ndipo sanadikire tiyi.

"Mayi, ndabwera kudzakonza mawu. Mwana wanu sindinamuone. Amene anamuona ndi Coral uyu. Maso anga anayamba kufa kalekale, ndipo ndinkadziwa."

Aluel anawayang'ana nthawi yaitali. Ketulo inawira mpaka kuzima yokha.

"Munkadziwa kuti simuona, n'kumanyamulabe ana a eni?"

"Inde."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinalibe kwina kopita Lamulungu."

"Chimenecho si chifukwa, abambo."

"Si chifukwa ayi. Mwafunsa, ndiye ndayankha zoona."

Anatembenukira kwa ine. "Inunso amayi munkadziwa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ine ndadutsa m'zambiri kuti ana anga adzasewere pamalo opanda choopsa," anatero motsitsa mawu. "Pitani. Lero sindingathe kumwa nanu tiyi."

M'galimoto a Lindsay anangonena kuti mayiyo wanena bwino.

Anapitiriza kubwera kupaki, koma sankatuluka m'shedi. Ndinkawatenga m'mawa, iwo n'kumapukuta mkuwa wa sitima yawo mopapasa tsiku lonse, ya batire ikuzungulira panja. Panalibe wina woti n'kuyendetsa yobiriwirayo. Madalaivala athu ena anali okalamba, mawondo osalola kukhala pakampando kaja, ndipo achinyamata sankafuna za mwaye.

Kumayambiriro kwa Novembala, ndikudya nkhomaliro pakhomo pa shedi, ndinaona Aluel akubwera, Adut akumukoka dzanja.

"Wandivuta sabata zonsezi," anatero asanapereke ndi moni. "Akuti akufuna ya utsi." Anasuzumira m'kati. "Abambo, imeneyi ingokhala chonchi mpaka idye dzimbiri?"

"Palibe woiyendetsa."

"Ndiphunzitseni ineyo. Ngati mwana wanga azikwera, ndikufuna maso amene ali kutsogolo akhale anga."

Madoda ena a m'kalabu anang'ung'udza. Wina anati sitima ya nthunzi si ya munthu wongobwera dzulo. A Lindsay anamufunsa kuti iyeyo wabwera zaka zingati, ndipo wayatsapo moto kangati. Nkhani inathera pomwepo.

Aluel anaphunzira miyezi isanu ndi iwiri, Lachitatu lililonse akaweruka, paki ili zii, kupatula masiku otentha amene boma limaletsa kuyatsa moto panja. A Lindsay ankakhala pabogi loyamba kumbuyo kwake, mutu atapendeketsa, akumvetsera. Ankadziwa ndi khutu kuti madzi achepa kapena moto wafooka. Sanali mphunzitsi wofatsa, ndipo Aluel sanali wophunzira wogonja.

"Malasha wathira ambiri. Ukuphika nyemba kodi?"

"Mwawaona bwanji, poti simuona?"

"Ndikumva. Ikupuma ngati munthu wa mphumu."

"Ndi inuyo mukupuma choncho, madala. Sitima ili bwinobwino."

Tsiku lina Aluel anapsa padzanja ndi chitseko cha moto. Sanalire, anangoviika dzanja m'ndowa. A Lindsay anapinda malaya n'kumuonetsa zipsera zawo kuyambira pachala mpaka pachigongono, kumuuza chilichonse chaka chake ndi kupusa kumene kunachibweretsa. Aka kanali koyamba kuwamva awiriwo akuseka limodzi. Za tsiku la padziwe lija sankazitchula.

Mu Juni oyesa madalaivala anabwera, Aluel anakhoza. Lamulungu lotsatira kunazizira kwambiri, udzu utayera ndi chisanu, zinkhwe zoyera zikuchita phokoso m'mitengo. Ana ataona utsi anathamanga kusiya makatungwe. Adut anakhala bogi loyamba atavala chijasi chofika kumapazi. A Lindsay anabwera kumbuyo n'kudzipanikiza pabogi langa, mawondo kufika pachifuwa. Anandiuza kuti chipangireni sitimayo anali asanakhalepo kumbuyo ngati wokwera.

Titatuluka m'kamphanga anandigwira mkono.

"Akulowa pakona mothamanga."

"Ali bwino, a Lindsay."

"Ndikudziwa kuti ali bwino. Koma usakamuuze, angayambe matama."

Chaka chotsatira a Lindsay anagwa pamasitepe kunyumba kwawo n'kuthyoka chiuno. Anagona pansi kuyambira m'mawa mpaka wobweretsa makalata atawamva akuitana masana. Rhonda anabwera, anagulitsa nyumba, n'kuwatenga kupita nawo ku Perth. Sanakane. Sitima anaisiyira kalabu, koma bokosi la masipanala awo, ena a bambo awo, anauza Rhonda akalitule kwa Aluel. Tinawaperekeza kubwalo la ndege tonse awiri, ine ndi Aluel. Anatigwira chanza ngati tidzaonana mawa, ndipo mawu awo omaliza kwa Aluel anali oti asamaiwale kutsuka mapaipi.

Anakhala kumeneko chaka ndi theka. Rhonda anandiimbira Lachisanu lina m'mawa kuti abambo atisiya, adwala chibayo. Maliro anali ku Perth, kutali koti sitikanatha kupita. Lamulungu lake linali lachitatu pamwezi, ndipo ena anati titseke polemekeza malemu. Tikukambirana choncho pakhomo pa shedi, Aluel anali atayatsa kale moto, ndipo pageti panali mabanja akudikira. Tinayendetsa mpaka madzulo monga mwa masiku onse.

Tikutsekera, ndinamufunsa Aluel chimene ndinkaopa kufunsa nthawi yonseyi, ngati anawakhululukira a Lindsay.

Anapukuta manja ndi kansanza, osandiyang'ana.

"Sindikudziwa, amayi. Mpaka lero ndikafika padziwe paja mtima umagunda. Koma akanatha kukhala chete, ine n'kumawathokoza moyo wanga wonse. Anabwera pakhomo panga okha. Ndaona anthu ambiri olakwa, koma wobwera yekha kudzanena ndinaona mmodzi."

Pamsonkhano wotsatira Aluel anabweretsa lamulo latsopano, loti aliyense wokhala kutsogolo kapena kumbuyo kwa sitima aziyezetsa maso chaka ndi chaka n'kubweretsa kalata. Linadutsa popanda wotsutsa. Chaka chatha kalata yanga sinatuluke bwino, diso lamanzere layamba ng'ala. Ndinakaipereka ndekha tsiku lomwelo kwa Aluel, amene amalandira makalatawo. Anaiwerenga, n'kundiuza kuti kuchiwaya cha soseji akusowa munthu. Ndiko ndili tsopano, Lamulungu loyamba ndi lachitatu, kudula anyezi ndi kupaka buledi majarini.