Gadiyani wa Munthu Wosadwala

Amayi amene anandibereka anamwalira ndili khanda loyamwa. Abambo anabwerera kwawo ku Mozambiki maliro atangotha, ndipo patapita nthawi tinamva kuti nawonso anamwalira konko. Anandilera ndi ang'ono awo a amayi, ndipo kwathu ang'ono a mayi ako ndi mayi ako basi, palibe chowonjezerapo. Sanandibisirepo kanthu. Manda ndinkawadziwa, chithunzi cha malemu chinali pakhoma m'kanyumba kathu ka lendi ku Matawale. Chimene amayi ankadana nacho ndi mawu oti "wamasiye". Mayi wina woyandikana nafe anayesapo kunditchula choncho pampopi, ndipo anamusambwadza mpaka anachoka osatunga madzi.

Amayi ankakwera phiri la Zomba kukatola nkhuni, n'kutsika nazo pamutu kudzagulitsa m'tauni. Nkhuni zimenezo zinandifikitsa Folomu 4. Koma nditasankhidwa kupita kukoleji, tonse tinadziwa kuti fizi ya kumeneko si ya nkhuni. Njira inali imodzi yokha: ngongole ya ophunzira. Popanda ngongoleyo sakanandilola kulemba mayeso, ndipo ndikanabwerera kunyumba kukaphunzira kupinda nkhata.

Fomu yake inali yamasamba ambiri, yonse m'Chingerezi. Ndinapita nayo ku Chikanda, kumene ophunzira ambiri amachita lendi, kwa mnzanga wina wa chaka chachiwiri, amene anali atadutsamo kale m'zimenezi. Tinakhala pamatiresi ake, fomu pabondo, ine ndikulemba ndi pensulo poopa kulakwitsa. Panali funso loti mayi ali moyo kapena anamwalira. Ndinachonga kuti ali moyo, osaganiza n'komwe.

"Wapenga iwe?" anatero mnzangayo, akundilanda pensulo. "Anzako akupha makolo amoyo pafomuyi kuti aganiziridwe, iwe uli ndi maliro enieni ukuwabisa? Amayambira amasiye kumeneku."

"Nanga amayi amene ndimakhala nawowa ndiwalemba pati?"

Anandilozera kabokosi kena m'munsi. Panalembedwa kuti gadiyani.

Kwa ife gadiyani ndi munthu wodikirira wodwala kuchipatala, uja amagona pansi pa bedi, kuphika phala kuseri kwa wodi ndi kuchapa zoipa za wodwala wake. Mnzangayo anandiuza kuti azungu amatanthauza munthu wokusunga chabe. Ine ndinamva. Vuto linali loti wosayina m'kabokosimo sanali mzungu.

Ndinawapeza amayi atangotula nkhuni, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndinawawerengera fomu ija pang'onopang'ono, ndikutanthauzira, ndikuzungulira dala. Koma kabokosi kaja tinakafikabe.

"Gadiyani?" anatero. "Ukudwala kodi?"

"Ayi amayi, n'Chingerezi chabe. Akunena wondisunga."

"Wokusunga? Ndiwe mbuzi ya eni iwe, yoti ndikusunge?" Anakhala pansi pakhonde, n'kuyang'ana kumbali. "Ine ugadiyani ndinauchita kamodzi, kwa akulu anga. Ndinagona pansi pa bedi lawo mpaka tsiku lomaliza. Ndinabwerako iwe uli kumsana, iwo ali m'bokosi. Lero ukufuna undibwezere komweko?"

Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira ndani? Amayi sanalakwe. Mnzanga sanalakwe. Wolemba fomuyo sindinkamudziwa, ndipo pepala silimva. Ndinalowa m'nyumba n'kukalira, fomu ndaiika patali kuti misozi isaidonthere, chifukwa ina sakanandipatsa.

M'mawa mwake amayi sanapite kuphiri. Anavala chitenje chawo chopita nacho kutchalitchi n'kundiuza kuti, "Tenga pepala lako lija." Fomuyo inkafunika chidindo cha mtsogoleri wa mpingo, wotsimikizira kuti zolembedwazo n'zoona.

Kuparishi tinapeza ansembe atsopano, achinyamata, osatidziwa. Anatilandira bwino, n'kuwerenga tsamba ndi tsamba.

"Mayi, uyu ndi mwana wanu?"

"Eya, bambo."

"Koma apa palembedwa kuti mayi ake anamwalira."

"Anamwaliradi, bambo."

Ansembewo anaika chidindo pansi. Sanali ovuta ayi, anayankhula mofatsa ndithu. "Mundimvetse, mayi. Ine ndikudziwa mmene timakhalira. Koma sindingadinde pepala likunena china, inu mukunena china. Ndikufunsani monga mmene fomuyi ikufunsira. Mwanayu ndi wanu?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinaona mapazi a amayi ong'aluka zidendene, atapanikizana m'nsapato zapulasitiki. Ndinkafuna kunyamuka, kulanda pepalalo, kunena kuti zisiyeni. Sindinanyamuke. Koleji ndinkaifuna.

"Si wanga," anatero amayi. "Ndine gadiyani."

Chidindo chinagwa, pha!

Mayina a olandira ngongole atatuluka anawamata pabolodi kukoleji. Tinakankhana pamenepo, ena akulumpha ndi chimwemwe, ena akuchoka mwakachetechete. Ndinawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndikuyendetsa chala. Dzina langa panalibe. Mwana wina amene bambo ake ankamusiya pageti ndi galimoto analipo.

Kuofesi bambo wina waulemu anandiuza kuti opempha anachuluka, ndipo fomu yanga inalibe umboni wa imfa. Chidindo cha ansembe sichinali chokwanira. Ndinamuuza kuti amayi ondibereka anaikidwa kumudzi, ndipo nthawi imeneyo palibe anaganiza zotenga chikalata cha munthu wakufa. Anagwedeza mutu momvetsa. Anati ndikhoza kupemphanso, koma gadiyani wanga apite iye mwini kukhoti akalumbire pamaso pa majisitireti kuti mayi anga anamwalira ndipo iye si mayi anga.

Ndinayenda wapansi kubwerera ku Matawale, ndikukonza mawu m'mutu. Nditafika ndinawauza amayi zonse, n'kumaliza ndi kunena kuti basi, ndasiya, ndikapeza ntchito m'sitolo. Ndinanena motsimikiza, ngakhale mumtima ndinkapemphera kuti akane.

Amayi ananyamuka. Analowa kuchipinda, n'kutuluka atanyamula chitenje chija.

"Kukhotiko amatsegula nthawi yanji?"

"Amayi, musavutikenso."

"Ndafunsa nthawi ine. Mawu aja ndawadziwa tsopano, sachedwa kunena."

Ngongole inatuluka ulendo wachiwiriwo, ndipo koleji ndinamaliza. Koma za mwambo wolandira digiri ndimakumbukirapo zochepa. Chimene chimandibwerera ndi m'mawa umene tinapita kukhoti. Amayi anali patsogolo, ine pambuyo ndi fomu yatsopano mu envulopu. Ndinaona milomo yawo ikugwedera ndipo ndinkayesa akupemphera. Nditayandikira ndinamva kuti akuyeserera, kuti asakalakwitse pamaso pa majisitireti monga anachitira kwa ansembe.

Tinafika pamsewu waukulu, maminibasi akudutsa mothamanga. Amayi anatambasula dzanja kumbuyo osacheuka, n'kundigwira pamkono mwamphamvu, monga ankachitira pondiperekeza ku Sitandade 1. Anandiwolotsa choncho, chimtsikana chachikulu cha kukoleji, akunong'ona kuti, "Si wanga. Si wanga. Si wanga."