Ng'ombe Yopanda Abale

Ndikamva fungo la utuchi wonyowa, ngakhale lero ndakalamba chonchi, ndimaona mbale yoyera yachitsulo ili pa thabwa kuseri kwa sikelo, itavundikiridwa ndi kansalu, ndipo pansi pa kansaluko pali chifuwa cha ng'ombe. Mbale imeneyo inali m'butchala ya atate, ku komboni ya Fort Jameson, tauni imene lero mukuitcha Chipata. Zinali zaka za Chitaganya, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwana woyamba m'nyumba imene mwana wamwamuna anali asanabadwe. N'chifukwa chake ntchito zonse, za atsikana ndi za anyamata zomwe, zinkagwera ine: kuwaza utuchi pansi, kukwecha chipika chodulirapo nyama ndi madzi otentha, kunola mipeni, ndi kumenyana ndi ntchentche zimene zinalibe Sabata.

Atate anali atagwira ntchito zaka zambiri kuseri kwa butchala ya mzungu wina m'tauni. Kumeneko azungu ankalowa pakhomo n'kuloza nyama imene mtima wawo wafuna, pamene ife tinkaima panja, pa kawindo ka kumbali, n'kulandira kaphukusi kokulungakulunga kale m'nyuzipepala. Ukakamasula kunyumba, ha, mafupa, mitsempha ndi mafuta! Wokulunga timaphukusito anali atate, ndipo oima pawindopo anali anthu amene ankaimba nawo nyimbo kutchalitchi. Zimenezi zinawadya mumtima mpaka analumbira kuti adzatsegula butchala yawoyawo, imene munthu wakuda adzalowe pakhomo n'kuloza nyama ndi chala chake. Laisensi sinabwere mwamasewera. A zaumoyo anafuna simenti pansi, njereza m'makoma, waya wotchinga ntchentche m'mawindo, ndiponso kuti ng'ombe izikaphedwa kophera kwa boma n'kudindidwa chidindo. Zonsezo zinameza kandalama konse kamene atate anasunga. Mpamba umene unatsala unali wa miyendo inayi: ng'ombe zinayi zimene agogo anawasiyira m'khola la kumudzi kwathu, cha ku Mwami.

Anasankha kutsegula m'nyengo yozizira, ndipo anaganiza bwino. Firiji tinalibe, choncho chisanu ndicho chinkatisungira nyama tsiku limodzi kapena awiri. Ng'ombe zinali zitanona ndi mapesi a m'minda yokololedwa, alimi anali atagulitsa mtedza, ndipo antchito a m'mafamu a fodya ankabwera m'tauni pakutha pa mwezi matumba akulira. Lamulo la malonda amenewa atate ankalinena mwachidule: ng'ombe yakufa iyenera kubereka yamoyo. Nyama yake igule ng'ombe ina, chikopa chipite kwa mmwenye wogula zikopa, ndipo ife tidye zotsalira. Ng'ombe ikafa osabereka inzake, butchala yayamba kufa. Zinayi zija zikatha, atate analibe kolowera kwina koma kubwerera kukawindo kaja chipewa chili m'manja, ine n'kusiya sukulu.

Chimene atate sanachiwerengere chinali mwambo wa kwathu, ngakhale ankaudziwa kuyambira ali wamng'ono. Ng'ombe ya m'khola la makolo ikaphedwa, chiwalo chilichonse chimakhala ndi mwini wake. Chifuwa n'cha wamkulu wa banja, amene panthawiyo anali atate aakulu a Zakeyu, mkulu wawo wa atate. Mwendo wakutsogolo ndi wa azakhali, chiwindi n'cha nkhalamba zopanda mano, mutu ndi ziboda n'za amene ankaiweta. Atate ankayesa kuti poti ng'ombe yafera m'tauni ndipo ili ndi chidindo cha boma, mwambo utsala kumudzi. Kalanga ine! Tsiku lotsegulira, dzuwa lisanakwere n'komwe, pakhomo panali patadzaza abale athu ndi madengu awo, atavala za ku tchalitchi, akulululutira mwana wawo amene watsegula sitolo. Sanabwere kudzapempha, sanabwere kudzaba. Anabwera kudzatenga zawo, ndipo wina aliyense ankadziwa bwino chiwalo chake. Atate ankangodula, kumwetulira kuli pakamwa pokha. Aphunzitsi ndi makalaliki amene anabwera ndi ndalama m'manja anapeza nthiti ndi matumbo.

Ng'ombe yachiwiri atate anaipha mwakachetechete pakati pa sabata. Koma kodi ng'ombe ingatuluke m'khola mudzi osaona? Abale anangotsata ndowe zake mumsewu. Tsiku limenelo ine ndinapsa mtima mpaka ndinalankhula mwano kwa azakhali, kuti kodi kumudzi nkhuku zatha, ndipo ndinalandira khofi limene khutu langa likulikumbukirabe. Atate anandiuza kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ine chamumtima ndinati chibale chisaole, koma nyama yathu ikutha. Ng'ombe ziwiri zinafa osabereka ngakhale mbuzi.

Nzeru inachokera kwa amayi. Iwo anali mkamwana m'banjamo ndipo pamaso pa apongozi sakanatsegula pakamwa, koma maso awo ankaona patali. M'mawa wina tikukwecha chipika chija anaimika dzanja n'kuuza atate kuti, "Bambo, abale anuwa sakutsata inu, akutsata ng'ombe. Pezani ng'ombe yopanda abale." Ndalama yogulira ng'ombe ya eni panalibe, koma kusinthanitsa kunali kotheka. Ku Kasenengwa kunali mlimi wina wachikatolika, a Sakala, amene ankafuna ng'ombe yaikazi yoti imuberekere, ndipo anali ndi ng'ombe yofula imene inali itakalamba pa goli. Kwa mlimi, msoti ndi chuma cha mawa. Kwa wabutchala, ng'ombe yokalamba yonenepa ndi nyama yambiri lero. Aliyense ankaona kuti wapindula ndi iye.

Ndinaikusa ndine ng'ombe yachitatuyo, msoti wamawangamawanga umene tinkautcha Nkhanga, kuchoka ku Mwami, kudutsa m'mbali mwa tauni, mpaka ku Kasenengwa, masiku awiri a ulendo wapansi. Atate anali patsogolo ndi chingwe, ine pambuyo ndi kamtengo. Mphepo ya mwezi umenewo inkaluma, zidendene zanga zinachita ming'alu, ndipo fumbi losakanikirana ndi utsi wa lupsa linkandikhala kukhosi. Amayi a m'midzi imene tinkadutsa ankaima ndi mitsuko pamutu n'kumafunsana kuti mwana wamkazi anayamba liti kukusa ng'ombe. Ndinkangoyang'ana mchira wa Nkhanga, mano nditaluma. Ndinali nditatsimikiza kuti atate sadzaimanso kuseri kwa kawindo kaja, ngakhale miyendo ithyoke. A Sakala anamuzungulira Nkhanga katatu, kumuyang'ana mano ndi mawere, kolona ikulendewera pakhosi, kenaka anatitulutsira chimng'ombe chofiira cha nyanga imodzi yothyoka, khosi lake lili gwaa ndi chipsera cha goli. Pobwerera Nkhanga analira m'khola lachilendolo, ndipo ine sindinacheuke, chifukwa ndikanacheuka ndikanalira naye.

Ng'ombe ya a Sakala ija tinaipha Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Chikopa chake chofiiracho atate sanathamangire nacho kwa mmwenye. Anachiyanika pa mpanda pafupi ndi khomo kuti aliyense wobwera ayambe wachiona. Ine anandiimika pa sikelo, iwo ali pachipika. Abale anabwera monga mwa masiku onse, atamva kuti m'khola mwatuluka ng'ombe, koma atafika pampandapo anaima. M'khola la agogo munali musanakhalepo ng'ombe yofiira. Panalibe amene akanati mwendo uwu ndi wanga, pakuti ng'ombeyo sinkawadziwa ndipo iwo sankaidziwa. Ena anatembenuka ndi madengu awo akung'ung'udza kuti tauni yamudya mutu Eliya, ndilo dzina la atate. Azakhali anandiyang'ana ngati ndine ndinalodza ng'ombeyo kuti ifiire. Pamenepo n'kuti mzera wa ogula utafika kumsewu: amesinjala, akazi a aphunzitsi, anyamata a m'mafamu, aliyense akulowa pakhomo n'kuloza ndi chala, ena mwamanyazi ngati akuchita tchimo.

Atate aakulu a Zakeyu anafika dzuwa litakwera, ndodo ili m'manja, jekete lawo lakuda la pa milandu lili pathupi. Anaima pachikopa paja nthawi yaitali, n'kuchikhudza ndi nsonga ya ndodo.

"Eliya, ng'ombe iyi sindikuidziwa."

"Ndi ya eni, achimwene," anayankha atate, maso ali pansi.

Apo m'pamene ndinadziwa chimene chinali m'mbale yoyera ija, imene atate anaiika pa thabwa m'mamawa osandiuza kanthu. Anapukuta manja, n'kuitenga, n'kuvundukula kansalu, n'kugwada nayo pa utuchi pamaso pa ogula onse. Chinali chifuwa chathunthu, chonona, nyama imene ikanagulidwa msanga kuposa ina iliyonse. Abale ena onse atate anali okonzeka kuwamana, koma mkulu wawo ayi. Atate aakulu anachiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

"Chifuwa cha ng'ombe ya atate wathu ndi ulemu. Cha ng'ombe ya eni ndi nyama chabe. Dzuka." Kenaka anatembenukira kwa ine, n'kuloza nthiti ndi chala. "Iwe mwana, ndiyezere ya sikisi."

Ndinawayezera, ndipo ndinayesa kuwonjezera kanthuli kena pamwamba, koma iwo anakabweza ndi chala mpaka sikelo inaima pamalo pake. Anaika sikisiyo, kandalama kakang'ono ka masiku amenewo, pa thabwa, n'kutuluka. Analowa pakhomo, analoza ndi chala, anagula, ndendende monga atate ankalotera zaka zonse zija, ndipo sindinawaonepo atate atasweka mtima ngati tsiku limenelo.

Pofika madzulo m'butchala munatsala ngowe zokhazokha. Ng'ombe yofiira ija inabereka inzake, inzakeyo inaberekanso, ndipo pamene kutentha kwa mwezi wa khumi kunkafika tinali titazolowera kupha yongokwanira kutha tsiku lomwelo. Ng'ombe yachinayi atate sanaikhudze. Anaisiya m'khola la kumudzi kuti iswane. Kukawindo kaja sanabwerereko, ndipo ine sukulu ndinamaliza. Abale ambiri anazolowera, ena mpaka ankagula n'kumanyadira kwa anzawo kuti butchala ija ndi ya kwathu. Koma atate aakulu sanapondenso pakhomo pathu. Pa maliro ndi pa maukwati ankapatsana moni ndi mng'ono wawo mwaulemu wonse, ulemu wozizira wa anthu ongodziwana.

Komabe tsiku lililonse lopha ng'ombe, atate ankadula chifuwa, n'kuchiika m'mbale yoyera, n'kuvundikira. Chinkakhala pathabwapo mpaka belu la masana la ku tchalitchi lilire. Likalira, ankasuzumira kumsewu wochokera ku Mwami, kenaka n'kundikodola ndi mutu kuti ndichipachike pa ngowe. Amayi ankadandaula kuti nyama yabwino ikuchedwa kugulidwa, koma sanaichotsepo mbaleyo ngakhale kamodzi. Ogula anafika pozindikira kuti wofuna chifuwa kwa a Eliya azibwera masana, osadziwa kuti akugula nyama imene mwini wake sanabwere.

Atate aakulu anamwalira ine nditakwatiwa kale. Pamaliro pawo anapha mdzukulu wa ng'ombe yachinayi ija, ng'ombe ya m'khola la makolo yeniyeni, ndipo achinyamata anagawa ziwalo monga mwa mwambo. Chifuwa anadzachiika pamaso pa atate, pakuti wamkulu wa banja tsopano anali iwo. Anachinyamula ndi manja awiri, manja amene ankadziwa kulemera kwa nyama popanda sikelo, n'kukhala nacho choncho ngati chawakanika. Sanadyeko. Anandiitana n'kundiuza kuti ndikapereke kwa ana a malemu.

Mukandifunsa lero ngati tinalakwa, ndikuyankhani mosabisa kuti ayi. Butchala yogawa nyama ndi phwando, ndipo phwando silikhala mwezi. Mutandipatsanso kamtengo kaja, Nkhanga ndingamukusenso mpaka ku Kasenengwa ndi zidendene zong'alukazo. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope athu ndinawaona ndi maso angawa. Masiku ano nyama timagula yokulunga m'mapulasitiki, palibe amene amafunsa kuti inali ya mtundu wanji kapena inatuluka m'khola la yani. Ng'ombe zonse zinasanduka zopanda abale, monga amayi anafunira, ndipo adzukulu anga sadziwa n'komwe kuti chifuwa chinali ndi mwini wake. Mbale yoyera ija ili kwa ine, inathothoka m'mphepete, ndimasungiramo anyezi. Belu la masana likalira, mpaka lero ndimayamba ndayang'ana kumsewu.