Mapenenga a ku Iponga pa Migolo ya ku Trinidad

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene aphunzitsi athu ku Iponga, a Chimwaza, anabwera ndi wailesi ya kaseti m'kalasi. Nyimbo imene inatulukamo inkamveka ngati madontho a mvula m'ndowa. Anati oimbawo ndi a ku Port of Spain, likulu la Trinidad, ndipo zimene akuimbazo ndi migolo ya mafuta yosulidwa ndi nyundo. Anzanga anaseka. Ine ndinalengeza kuti ndidzapitako, ndipo anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kunyumba ndinauza atata, amene ankakonza njinga za amalonda a ku Songwe. Iwo sanaseke. Anandifunsa m'Chinkhonde, maso ali pa tcheni, kuti ndikakafika ndikawapatsa chiyani eni dzikolo. Ndinayankha kuti ndikungofuna kukaona.

"Ukadye za eni, upukute pakamwa, n'kubwerako? Mwana wanga sapita kwa anthu chimanjamanja."

Loweruka lotsatira anakandipereka ku gulu la mapenenga, gule wa amuna wa kwathu, amene ine ndinkati ndi wa anthu osapita kusukulu. Ndinadana nazo kwambiri. Dzuwa linkaotcha, fumbi linkalowa m'mano, ndipo mtsogoleri ankandikwapula akakolo ndi kamtengo ndikaphonya phazi. Lipenga langa la chikho linkalira ngati mwana wa ng'ombe. Koma atata anali atanena kuti ndikasiya gule, ndisiyenso kutchula Trinidad pakhomo pawo. Ndinalimbikira chifukwa cha makani.

Ku Port of Spain ndinafikako imvi zitayamba, atata atamwalira kale. Ndinali nditakhala mphunzitsi, kumeneko kunali msonkhano wa aphunzitsi, ndipo ndinapempha kupitako mpaka akuluakulu anatopa nane. Ndinazungulira bwalo lalikulu la udzu pakati pa mzinda, ndinamwa madzi a kokonati, ndinaona nyumba zakale za makonde osemasema. Kenako ndinafunsira kumene oimba migolo amakonzekererako, ndipo ndinakaima pachipata, nyimbo ikundigwedeza m'chifuwa.

Atapumira, mayi wina amene ankaimba migolo ikuluikulu anandifunsa kwathu. Ndinati ku Malawi. Anati sanamvepo, ndipo anafuna kudziwa kuti kumeneko timaimba zotani.

Ndinavula jekete. Lipenga ndinalibe, ndiye ndinaliza ndi pakamwa m'chikhatho, ndikuponda pang'onopang'ono, chifuwa patsogolo, monga timachitira kwathu. Mawondo ankadandaula koma sindinawamvere. Mayi uja anatchera khutu, anagwira kagundidwe kake, anzake n'kumutsatira, ndipo migolo ya ku Trinidad inaimba mapenenga a ku Iponga. Ndinavina misozi ikutsika, wopanda manyazi.

Ndili mwana ndinkayesa kuti atata akunditchingira ulendo. Lero ndikudziwa kuti mwa anthu onse amene ndinawauza, iwo okha ndi amene anakhulupirira kuti ndidzafikadi.