Kompyuta Ndinaiboola Ngati Mbaula

Amene amati wokhoma ndowa sadziwa kanthu amandikwiyitsa kwabasi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma kompyuta ndinamanga nawo!

Nthawi ija ya makadi a chipani, bambo wina wosindikiza mabuku ku Balaka anaitanitsa zipangizo za kompyuta yojambulira zithunzi. Zonse zinafika bwino, koma bokosi lake linaphwanyika m'sitima. Ananditumira uthenga ku Ntaja kuti ndikakhome lina lamalata.

Ndinalikhoma momwe ndimakhomera ndowa, lopanda ndi kabowo komwe. Ine katundu wanga sadontha. Titayatsa, chithunzi cha chambo chinayamba kutuluka pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Chitafika pamimba, makina aja anangoti zii, azima. Bokosi linali litatentha ngati simbi.

"Amisiri, mwatiphikira makina!" anakuwa bambo aja. "Apuma bwanji mmenemu?"

"Nanga osanena bwanji kuti mukufuna mbaula?" ndinawakalipira.

Tinatulutsa zam'kati, ine n'kutenga msomali ndi hamala, n'kuliboola mbali zonse. Tinabwezera, n'kuyatsanso. Chambo chinatuluka chathunthu mpaka kumchira. Ndinavina pakati pa ofesi hamala ili m'manja, bambo aja akundiimbira ng'oma patebulo.