Tsekwe wanga wapeza malo kusukulu

Lachiwiri lapitali mwana wanga anajompha aphunzitsi aakulu pakatumba. Dikirani, ndiyambe bwinobwino.

Tamanda ali ndi zaka zitatu, ndipo chibadwire chake ndimagona ndi nkhawa imodzi: Chizungu. Ine satifiketi ya ku koleji ndili nayo, koma ndikakhala pa intavyu lilime limauma gwa. Ndinalumbira kuti wanga sadzaona zimenezo. M'nyumba mwathu ku Chibavi, mu Mzuzu muno, ndinaletsa Chichewa changa, ndinaletsa Chitonga cha bambo ake, ndipo ana a aneba akayamba Chitumbuka kuseri kwa mpanda ndimamukokera m'nyumba ngati zovala mvula ikamabwera.

Vuto ndi lakuti Chizungu chokwanira tsiku lonse ndilibe. Changa chimathera pa kumuuza kuti akhale pansi ndi kuti asagwire. Ndiye ndinapita kwa bambo wina woika mafilimu m'makhadi a m'foni, n'kupempha zoseketsa za ana, za azungu.

"Mama, izi mwana akhala chete mpaka muiwala kuti munabereka," anatero.

Sananame. Ine ndikuchapa, iye ali pamphasa ndi foni, akuseka. Mumtima ndimati Chizungu chikulowa. Kodi ndinayang'anako? Nthawi yake iti?

Tsono Lachiwirilo tinapita kusukulu ina ya mkaka cha ku Katoto, yomwe amayamba amuyesa mwana asanamulembe. Malo anali atatsala amodzi. Amayi anzanga anali atandichenjeza kuti mwana akangotulutsa chilankhulo cha kunyumba, mwabwerera. Njira yonse ndinkapemphera kuti akapatsidwa kanthu asanene kuti yewo, zikomo wa Chitumbuka.

Madamu, aphunzitsi aakulu aja, anamufunsa dzina m'Chizungu. Tamanda anawayang'ana, anatalikitsa khosi, manja anaponya kumbuyo ngati mapiko, n'kuti, "Sssss."

Anamupatsa bisiketi. Anaitsomphola ndi pakamwa.

Madamu ataimirira kuti atenge buku la zithunzi, mwana wanga anawerama n'kuwalondola. Anazungulirana tebulo. Ndi pomwe panachitikira zija za pakatumba.

"Pepani madamu, kunyumba sachita chonchi," ndinatero. Bodza. Amachita, kungoti ine kulira kumeneko ndinkakuyesa chifuwa cha kuzizira kwa Mzuzu, mpaka mankhwala ndinamumwetsa.

Madamu anakhala pansi akusisita mwendo. Ine chikwama ndinali nditanyamula kale.

"Mayi a Tamanda, mukupita kuti? Musadandaule. M'kalasi mwake muli kale nkhumba ziwiri ndi ninja mmodzi. Chachikulu ndi chakuti mwana wanu sanatulutse liwu lachimidzi ngakhale limodzi. Dzulo ndabweza kamnyamata kochangamuka bwino, kangolowa n'kuti monire. Koma uyu ndi woyera, tiyambira pabwino. Abwere Lolemba."

Mwamva? Wopereka moni anabwezedwa. Wojompha walembedwa.

Sindikuseka madamu okha. Amagulitsa zomwe ife tikufuna. Ndife amene timanyadira pa minibasi kuti, "Wanga Chichewa samva," ngati tikunena kuti matenda ena ake sanamugwire. Agogo akabwera kuchokera ku Nkhata Bay timakhala pakati ngati otanthauzira kukhoti, mdzukulu uku, gogo uku, onse akungomwetulirana ngati alendo pa depoti. Tikatero timati mwana akupita patsogolo.

Patsogolo pake ndi kuti, ngati amene akumulera ndi foni yomwe ife sitinaiyang'anepo?

Titafika kunyumba ndinakhala naye pamphasa, koyamba, kuti ndione aphunzitsi ake enieni. Atsekwe okhaokha. Tsekwe akuthamangitsa wapositi. Tsekwe walanda chipewa cha abusa. Tsekwe walowa paukwati, akwati akwera patebulo ndi diresi lawo. Azungu alimo ndithu, koma ntchito yawo ndi kuthawa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amamaliza chiganizo.

Ndisaname, ndinaseka mpaka misozi. Tamanda ataona kuti mayi ake akuseka naye, anandigwira chibwano, analoza pafoni, n'kunena momveka bwino, mawu onse ali m'malo mwake: "Amama, wonani, ŵakuchimbira!"

Akuthawa. Chitumbuka chosalala, cha kuseri kwa mpanda kuja. Anali nacho nthawi yonseyi, amangodziwa kuti m'nyumba muno n'choletsedwa.

Chiganizo chathunthu choyamba chimene mwana wanga wandiuza. Ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinayamba ndayang'ana kukhomo, kuopa kuti wina wamva.

Yunifolomu ndasita kale, yapachikidwa kuseri kwa chitseko. Chomwe sindikudziwa ndi mawu oti ndikamuuze pageti Lolemba m'mawa. Ndikamuuze kuti, mwanawe, madamu akakupatsa bisiketi, iwe n'kumva kuti yewo akufuna kutuluka, um'meze, ungotalikitsa khosi?