Kabotolo ka M'chikwama cha Azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaba koyamba, ndipo ndinabera mlendo. Chaka chimenecho bambo anga, msodzi wa makakana kwathu kwa Mlolo, anayamba kulephera kumeza. Zinayamba ndi nyama, kenako mbatata, mpaka anatsala ndi thobwa lokha, nalonso ankalimwa pang'onopang'ono atatsinzina. Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anawauza kuti ndi khansa ya kummero, n'kuwabweza kumudzi ndi mankhwala opha ululu.

Apo m'pamene anabwera mlongo wawo, azakhali a Rozina, amene sukulu inawatengera kunja kwa dziko. Ntchito yawo palibe ankaidziwa bwinobwino. Wina anangomva kuti amafufuza chimene chimakalambitsa anthu, ndipo nkhaniyo pofika kuchigayo inali itasanduka yoti a Rozina ali ndi mankhwala oletsa kukalamba ndi kufa komwe. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Nanga mayi wa zaka makumi anayi wopanda ndi mng'alu womwe kuchidendene, tikanaganiza chiyani?

Panapita masiku atatu. Azakhali ankasefa thobwa, kukupiza bambo ndi katoni dzuwa likaswa mtengo, koma za mankhwala, ziii. Chonsecho m'mawa uliwonse ndinkawaona akumeza kam'bulu kochokera m'kabotolo koyera kamene ankasunga m'chikwama. Mtima unkandiwawa zedi. Iwo akumwa okha, mlongo wawo akutha tikuona.

Tsiku lachinayi masana, iwo atalowa kubafa, ndinapisa dzanja m'chikwamamo n'kutenga kabotolo kaja. Ndinakabisala kuseri kwa khitchini n'kuphwanya timibulu tisanu ndi supuni. Ndinali pafupi kuthira ufawo m'chikho cha bambo pamene dzanja lonyowa linandigwira pamkono.

"Joana, ukuchita chiyani?"

"Ndikupatsa ababa mankhwala amene inu mukuwamana," ndinayankha.

Anayang'ana kabotolo, kenako ine. "Awa ndi oteteza malungo, mwanawe. Ndakhalitsa kunja, udzudzu wakuno ungandigwetse."

Ndinadziwa kuti mkwapulo wandipeza. Koma iwo anangotaya ufa uja, n'kundikokera pansi pa mtengo wa masawu pamene bambo anagona pamkeka, n'kuwafotokozera zonse. Bambo anayesa kuseka, chifuwa chinawatsekereza. Azakhali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chithunzi chimene ankachisunga pakati pa buku.

Sindinaonepo chinthu ngati chimenecho. Pepala lonse linali lakuda bii, ndipo mumdimamo munali timitengo tabuluu tambirimbiri, kalikonse kali ndi timadontho towala kunsonga zonse ziwiri.

"Izi zili mwa iwe," anatero azakhali. Anandiuza kuti thupi linamangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo zonse zimene ndinkaonazo zinachokera m'selo imodzi yokha. Anati m'kati mwa mafupa muli maselo amene ntchito yawo ndi kubereka magazi atsopano tsiku ndi tsiku, munthu ali m'tulo kaya ali kudimba. "Timadontho ta kunsongati timatitcha matelomiya. Ntchito yanga yonse ndi timeneti."

Ataona kuti ndangoti kukamwa yasa, anatembenukira kwa bambo.

"Achimwene, chingwe cha bwato chikayamba kumasuka kunsonga mumatani?"

"Ndimadula, n'kuwotcha nsongayo," anayankha ndi mawu osasa.

"Chikamasukanso?"

"Kudulanso. Mapeto ake chimafupika, sichifikanso pachikhomo. Basi, timachipumitsa."

Azakhali anati ndi mmenenso zilili m'thupi. Selo ikagawikana kuti pakhale ziwiri, nsonga zija zimafupika pang'ono. Zikafupikitsa, seloyo imaleka kubereka, ndipo mbali ina ya ukalamba imachokera pamenepo.

Ndinalumpha. "Ndiye talikitsani za ababa!"

Kuseri kwa mtengo mbuzi zinkatafuna masawu ogwa.

"Nkhabe, sizingathandize, mwanawe," anatero azakhali motsitsa mawu. "Chimene chili pammero pa bambo ako chinaphunzira kale kuzitalikitsa chokha. Ndi maselo awo omwe, koma akana kukalamba. Akungoberekana osadziwa polekera, mpaka atseka njira ya chakudya."

Ine ndinkafuna kuba mankhwala oletsa kukalamba, osadziwa kuti chimene chinkapha bambo chinali chinthu chokana kukalamba. Ndinayang'ana dzanja langa, lomwe lija linapisa m'chikwama, ndikuganiza kuti pansi pa khungu lotuwalo pali ntchito yaikulu chomwechi imene ikuchitika popanda kundifunsa. Ndinachita mantha, koma mantha okoma, ngati amene ndinkamva Shire akadzaza mpaka tsidya lina osaoneka.

Bambo anapempha chithunzi chija. Anachigwira patali, mmene ankagwirira ukonde pofufuza pong'ambika.

"Ndiye ngakhale m'mafupa mwa msodzi muli zimenezi?"

"Ande, zilimo, achimwene."

"Mulungu sanachite ulesi," anatero. Kenako anafunsa funso limene ine ndinkaopa. "Nanga mankhwala ake mwawapeza?"

"Sitinawapeze. Tikufufuzabe. Ndikanakhala nawo, ndikanabwera nawo ngakhale wapansi."

Aka kanali koyamba kuona munthu wophunzira chonchija akunena kuti sakudziwa, ndiponso koyamba kuona azakhali akulira. Bambo ndi amene anawatonthoza, akuwasisita kumsana ndi dzanja lija linangotsala mafupa. Anamwalira mvula isanathe, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo mayi anga ndimakhala nawo. Mutu wawo wayera mbuu, maondo amawavuta, podzuka amayamba agwira khoma. Akamadandaula kuti, "Ine ndatha, mwananga," sindiwatsutsa, chifukwa ukalamba umawawadi. Ndimangotenga mafuta n'kuyamba kuwatikita. Koma mumtima ndimathokoza, pakuti tsopano ndikudziwa kuti thupi lawo lagwira ntchito yake mokhulupirika zaka zonsezi, ndipo likudziwa polekera. Kukalamba si chilango ayi. Ndi mwayi umene bambo anga sanaupeze, ndipo ndikanapereka chilichonse kuti ndiwaone akuyenda ndi ndodo.